Chigamba cha Kadzidzi

Pulogalamuyo inali yokonzera tayimutebulo ya sukulu. Munthu ankailembera mayina a aphunzitsi, makalasi ndi maphunziro, iyo n'kumuyalira sabata yonse: uyu aphunzitse masamu Lolemba m'mawa, uyo alowe kalasi yakuti belu lachiwiri likalira. Sinkagulitsidwa. Khodi yake, ndiye kuti mizere yonse ya malangizo imene kompyuta imatsatira, inali poyera pa intaneti, ndipo aliyense wodziwa ntchitoyi ankaloledwa kuiwerenga, kuona polakwika, n'kutumiza chigamba chake. Koma chigamba sichinkangolowa ngati mbuzi m'munda. Chinkayamba chaima pachipata mpaka mmodzi mwa osunga makiyi atachiunika, ndipo wamkulu wa osunga makiyiwo anali mayi wina amene anzake ankangomutcha Mlonda.

Mlonda sanadzipatse yekha dzinali, koma sanalikanenso. Ankagwira ntchito pa kampani ina, kumene ankamudziwa ngati mayi wodzutsa makina osindikizira akafa. Nthawi yopuma, anzake akamapita kokadya, iye ankatsegula tsamba la pulogalamu ija n'kuyamba kubweza anthu. Ankabweza mwaulemu, pamenepo tisamunamizire. Ankayamba ndi kuthokoza, n'kutchula chimene wachita bwino, kenaka n'kukuloza mzere umene wapotoka. Komabe kubwezedwa n'kubwezedwa basi, ndipo alipo ambiri amene anachoka pachipata chake akung'ung'udza.

Amene anayambitsa pulogalamuyi anali apongozi ake, bambo a mwamuna wake. Anaphunzitsa masamu mpaka tsitsi linayera, ndipo chaka ndi chaka mtolo wokonza tayimutebulo ndi pensulo ndi labala unkagwera iwo. Atatopa nazo anadziphunzitsa okha kulemba khodi, ali ndi zaka zimene anzawo ankayamba kudandaula za maondo. Pa tsamba ankadziwika kuti Aphunzitsi, ndipo mwambo wonse wa pamenepo unachokera kwa iwo. Ukafuna kukonza vuto, unkayamba walemba pansi pake kuti, "Ili ndaligwira ine." Ukatero palibe wina woligwiranso mpaka utalitula wekha, kuopa kuti anthu awiri angathere mphamvu pa ntchito imodzi, wina n'kupita ndi mtima wowawa. Ankalimbikiranso kuti za pulogalamu zizikambidwa pa tsamba pokha, pamene aliyense angawerenge, osati pa foni kapena pakhonde, chifukwa wokhala kutali naye ndi mwini.

Chaka chapitacho Aphunzitsi anadwala sitiroko. Inali yaing'ono, madokotala anatero, ngati kuti pali matenda aang'ono kwa mwini thupi. Atatuluka m'chipatala anapereka udindo wa pachipata kwa mpongozi wawo, iwo n'kungotsala ndi makiyi awo monga mmodzi mwa ounika. Mwana wawo anawatenga kuti azikhala nawo, m'chipinda chakumapeto, mmene anawaikira tebulo pafupi ndi zenera. Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munayamba kuchitika zoseketsa alendo. Mlonda ankakhala pabalaza ndi laputopu yake, Aphunzitsi kuchipinda ndi yawo, pakati pali khoma limodzi, koma n'kumalemberana pa intaneti ngati anthu a m'mayiko awiri. Akakumana pa tebulo lodyera ankakamba za mvula ndi za homuweki ya mdzukulu.

Vuto limene linabweretsa nkhaniyi linachokera ku sukulu zimene ana amaphunzira m'magulu awiri, ena m'mawa ena masana, chifukwa cha kuchepa kwa zipinda. Pa nthawi imene gulu lina likuweruka lina likulowa, pulogalamu inkazungulira mutu n'kuika mphunzitsi mmodzi m'makalasi awiri nthawi imodzi. Amene analemba dandaulo anali wachiwiri kwa ahedi pa sukulu ina, munthu amene pa tsambalo palibe anamuonapo nkhope. Anati mphunzitsi wawo wa sayansi ndi wakhama kwambiri, koma thupi ali nalo limodzi, ndiye ngati n'kotheka vutoli likonzedwe teremu yatsopano isanayambe.

Tsiku lomwelo Aphunzitsi analemba pansi pake kuti, "Ili ndaligwira ine. Mbali imeneyi ndinailemba ndine, ndikudziwa pamene pali chilonda." Anatchulanso malo amene ankawaganizira, pamene pulogalamu imawerengera maola a mphunzitsi aliyense. Anthu anawathokoza, n'kutembenukira ku zina.

Tchuthi chinayamba, chinafika pakati, chinayamba kutsetsereka. Chigamba cha Aphunzitsi sichinaoneke. Mwambo unkalola kufunsa, choncho Mlonda analemba ali pabalaza kuti, "Aphunzitsi, kodi mukadali nalo?" Anamva kuseri kwa khoma mabatani akulira limodzilimodzi, kenaka yankho linafika: "Ndikadali nalo. Ndatsala pang'ono." Patapita masiku anafunsanso, ndipo yankho linali lomwelo, osasintha ngakhale liwu limodzi.

Chimene anthu a pa tsamba sankachiona, Mlonda ankachiona akamakapereka tiyi. Pa laputopu ya Aphunzitsi pankakhala mizere yomweyomweyo, dzulo ndi lero. Iwo ankaitsata ndi chala pagalasi, milomo ikugwedezeka, n'kufika penapake pakati, n'kuima, n'kubwereranso pamwamba. Dzanja linachira, mwendo unachira, mawu anabwerera. Koma chija chogwira zinthu zambiri m'mutu nthawi imodzi, chimene munthu wa khodi amadyera, sichinabwerere. Iwo sananene, ndipo m'nyumbamo munalibe wolimba mtima woti awauze.

Mlonda akanatha kulikonza yekha vutolo, koma lamulo loletsa anthu ena linkamuletsa nayenso. Ndipo kunena zoona si lamulo lokha limene linamumanga manja. Ntchito ija ndi imene inkawadzutsa Aphunzitsi m'mawa. Ankavala shati ya kolala chifukwa cha iyo, ndipo mdzukulu akafuna kusewera nawo ankamuuza monyadira kuti agogo ali pa ntchito, abwere masana. Mlonda ankadziwa kuti tsiku limene adzawalande ntchitoyo adzatsala ndi wailesi ndi mabotolo a mankhwala. Ankawakonda apongozi akewo, ndipo ankaopa kukhala iye wowalanda.

Ali mkati mozengereza choncho, panatulukira mlendo. Sanalembe dzina, anangoika chithunzi cha kadzidzi, ndiye anthu anangomutcha Kadzidzi, osadziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, mwana wa sukulu kapena gogo. Sanapereke moni, sanafunse mwini ntchito. Anangotula chigamba pachipata ndi mawu akuti, "Ichi chikukonza vuto la magulu awiri."

Mlonda anachitsegula ali ku ofesi, bulede ali m'manja, ndipo anachiwerenga mpaka anaiwala kutafuna. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chigambacho chinali chachifupi, chaukhondo, ndipo chinabwera ndi mayeso ake osonyeza kuti sichikuphwanya china chilichonse. Chilonda chija sichinali pamene Aphunzitsi analoza. Chinali kwina kotalikira, pamene pulogalamu imadulira tsiku pakati. Mlonda anachiyesa ndi tayimutebulo ya sukulu yodandaula ija, ndipo mphunzitsi wa sayansi anabwerera m'thupi limodzi.

Komabe mwambo ndi mwambo. Analemba kuti, "Zikomo, Kadzidzi, ntchito yanu ndi yooneka bwino. Koma vutoli lili m'manja mwa Aphunzitsi. Kuno timayamba tafunsa amene anagwira, tisanaikepo dzanja lathu."

Ena amati akauzidwa choncho amalavula zakukhosi n'kumenyetsa chitseko. Kadzidzi sanatero. Anapepesa nthawi yomweyo, nati sanawerenge bwino mwambo wa pakhomo, ndipo analembera Aphunzitsi kuwapempha kuti aone chigamba chake, ngati n'chothandiza achitenge, ngati ayi achitaye. Madzulo ake mabatani analiranso kuseri kwa khoma, nthawi yaitali kuposa masiku onse. "Ndaona, Kadzidzi, ndipo takulandirani," analemba Aphunzitsi. "Mundipatse mpata pang'ono. Changa chatsala pang'ono kutha, tidzafananitse ziwirizi." Ndiye kuti sanatule.

Wachiwiri kwa ahedi uja analembanso. Ulendo uno nthabwala zinali zitamuthera. Anati sukulu zikutsegulidwa sabata ya mawa, aphunzitsi akufuna kudziwa makalasi awo, ndipo iye wayamba kudula timapepala n'kumatiyala pansi mu ofesi monga ankachitira makolo ake. A sukulu zina anathira ndemanga kuti nawonso ali m'madzi omwewo. Wina anafunsa poyera chimene ambiri ankanong'ona: ngati mankhwala afika, wodwala akudikiranji?

Loweruka masana Mlonda anapeza mwamuna wake pakhonde la kuseri, atapasula ayironi. Mwamunayo anali wokonza zamagetsi, munthu wa mtima wabwino amene ankakhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi waya umodzi womasuka. Za khodi sankadziwa, ndipo ankanyadira kusadziwako.

"Nkhope yagwa chonchi bwanji, amake mwana?" anafunsa, sikuludiraiva ili kukamwa.

Mlonda anayang'ana kuzenera la Aphunzitsi, n'kutsitsa mawu. Anamufotokozera zonse, za mlendo, za sukulu, za mizere imene sinkasuntha.

"Ndiye cha mlendoyo chikugwira ntchito?"

"Chikugwira."

"Cha bambo?"

"Palibe cha bambo. Sichidzakhalapo."

Mwamunayo anachotsa sikuludiraiva kukamwa. "Nanga osangolowetsa cha mlendoyo bwanji?"

"Ndilowetse pamaso pa anthu onse aja? Aliyense aone kuti mpongozi wawalanda ntchito bambo n'kupatsa munthu wodutsa? Inu mukakhala kuntchito, ine ndiye ndizikaonana nawo maso popereka tiyi."

"Kodi pamenepo pamalembedwa dzina la wokonza?"

"Pamalembedwa. Kusintha kulikonse kumakhala ndi dzina la mwini wake."

"Dzina limodzi lokha?"

"Akagwirira limodzi amalemba awiri."

"Aa, ndiye mukuvutikiranji?" Mwamunayo anaseka ngati wapeza waya uja. "Lembani awiri. Paja ku ukwati wa msuweni wanu mphatso munasankha nokha, ine sindinaione n'komwe, koma pa khadi panali mayina a tonse. Anadandaula ndani? Bambo asangalala, mlendo sataya kanthu, ana aphunzira. Inu anthu a makompyuta mumakonda kuzungulira phiri pamene njira ili pakhomo."

Mlonda anamuuza kuti khodi si mphatso ya ukwati. Anatero ndithu, ndipo n'zoona kuti anatero. Koma mawu oipa amakhala ndi miyendo yaitali akakhala kuti akukupulumutsa, ndipo Lamulungu lonse anayenda nawo m'mutu. Anayamba kudziuza kuti si bodza lenileni. Kodi Aphunzitsi sanathere tchuthi chonse pa vutoli? Kodi si iwo analemba maziko amene Kadzidzi anapondapo? Ngakhale kuloza malo olakwika n'kuthandiza, chifukwa mnzako amadziwa kosapita. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mboni.

Lolemba nthawi yopuma, mu ofesi muli zii, analowetsa chigamba cha Kadzidzi. Pansi pa dzina la mwini wake anawonjezera mzere umodzi wonena kuti wolemba mnzake ndi Aphunzitsi. Sanafunse Kadzidzi, sanafunse Aphunzitsi. Anatseka dandaulo lija ndi mawu akuti, "Lakonzedwa ndi Kadzidzi pamodzi ndi Aphunzitsi." Kenaka anatulutsa pulogalamu yatsopano kuti sukulu ziyambe kuitenga, n'kupita kukadzutsa makina osindikizira a ku chipinda cha mabwana, mtima uli m'malo koyamba pa masabata ambiri.

Pobwerako anapeza tsamba litadzaza zikomo. Wachiwiri kwa ahedi anali atasesa timapepala take, nthabwala zitabwerera. Analemba kuti mphunzitsi wa sayansi akupereka moni ndi thupi lake lonse, ndipo anawonjezera kuti, "Aphunzitsi, inu ndiye simukalamba. Tinayamba kukayika, mutikhululukire." Ena anatsatira. Wina anati galu wamkota sakandira pachabe. Wina anati achinyamata aphunzirepo kudekha. Mlonda anawerenga akumwetulira, ndipo anatumizira mwamuna wake uthenga pa foni kuti zatheka.

Kenaka Kadzidzi analemba. Sanalembe mokwiya, ndipo chimenecho ndicho chinaipitsa zinthu, chifukwa wokwiya umatha kumunyalanyaza. "Ndasangalala kuti dzina langa lili pamodzi ndi lanu, Aphunzitsi," anatero. "Ndafananitsa chimene chalowa ndi chimene ndinatumiza, koma sindikuona pamene mwasintha. Mwina maso anga ndi amene akuphonya. Mungandilozere? Ndikufuna kuphunzira."

Mlonda anawerenga funsolo kawiri. Monga wosunga makiyi akanatha kubisa funsolo, ndipo chala chinafika pa batani lake. Koma uthenga uliwonse wa pa tsamba unkapitanso ku imelo ya aliyense wotsatira nkhaniyo, ndipo woyamba pa otsatirawo anali atakhala pafupi ndi zenera kunyumba kwake, magalasi ali pamphuno. Anaganiza zoyankha yekha, koma akanati chiyani? Anayamba kulemba, anafufuta, anayambanso, mpaka wina anabwera kudzamuitana kuti makina aja afanso.

Yankho la Aphunzitsi linamupeza m'basi, pobwerera kunyumba, atapanikizika pakati pa mayi wonyamula beseni ndi zenera losatseguka. Analiwerenga pa foni.

"Kadzidzi, maso anu ali bwino. Sindinasinthe kalikonse. Chigambachi ndi chanu chonse. Ndachiwerenga masana onse, ndipo pakati pake ndikusochera. Ndinagwira ntchito imene sindikanaitha, ndipo ndinakana kuitula pamene munandipempha mwaulemu. Ndachedwetsa sukulu. Ndikupepesa kwa achiwiri kwa ahedi ndi kwa inu. Amene mwandithokoza, bwezani zikomo wanu kwa mwini wake. Dzina langa lichoke pamenepo."

Sanamutchule Mlonda ngakhale pamodzi. Sanafunse kuti analemba dzinalo ndani, ngakhale aliyense ankatha kuona yekha. Mlonda akanakonda akanamukalipira poyera, chifukwa kukalipiridwa kumapepuza. Anatsika basi n'kuyenda kamtunda kotsalako pang'onopang'ono, kudutsa pa golosale, pa malo ometera, pa mpanda wa njerwa umene ana ankakhalapo, dzuwa likadali pamwamba pa madenga.

Anawapeza Aphunzitsi pabalaza, zimene sizinkachitika nthawi imeneyo. Anakhala pa mpando waukulu, laputopu yotseka ili pamiyendo, manja onse ali pamwamba pake. Mdzukulu anali kwa anzake. Mlonda anaika chikwama pansi n'kukhala pa kampando ka pafupi ndi khomo.

"Mwaswera bwanji, Mayi?" anayamba ndi iwo.

"Ndaswera bwino, Bambo. Kaya inu?"

"Ndaswera."

Panja wina ankaitanira makasitomala a mazira.

"Bambo, ndalakwa," anatero Mlonda. "Ndine ndinalemba."

"Ndikudziwa kuti ndinu. Mwawerenga pempho langa?"

"Ndawerenga."

"Ndiye lichoka?"

Mlonda ankalidziwa kale yankho. Mbiri ya khodi imalukana ngati unyolo, kusintha kulikonse kumakolekedwa pa kumene kunabwera patsogolo pake. Kuti uchotse dzina pa mphete imodzi uyenera kudula unyolo wonse kuyambira pamenepo n'kuulukanso. Ndipo unyolowo sunalinso wake yekha. Masana omwewo sukulu zinali zitatenga pulogalamu yatsopano, anthu ena anali atakopera khodiyo m'makompyuta awo, ndipo zigamba zina zinali zitalowa kale pamwamba pake. Kudula pamenepo kunali kusokoneza ntchito ya aliyense.

"Silingachoke, Bambo," anatero. "Anthu atenga kale. Chimene ndingathe n'kulemba pamwamba pake kuti dzinalo linalowa molakwika, ndipo wolakwitsa ndine. Koma mzere uja ukhalapobe."

Aphunzitsi anagwedeza mutu. "Ndimadziwa. Ndimangofuna ndimve ngati kwabwera njira yatsopano imene ine sindikuidziwa."

"Ndimafuna kukutetezani."

"Kwa ndani?"

Mlonda anazolika.

"Mukanangondilanda, Mayi," anatero Aphunzitsi, mawu ali pansi, ngati akufotokozera kalasi samu imene yavuta. "Mukanalemba kuti nthawi yatha, sukulu zikudikira, talowetsa cha Kadzidzi. Ndikanakwiya. Mwina tiyi wanu ndikanamusiya azizire masiku angapo. Koma wolandidwa ntchito amakhala akadali wantchito. Inu mwandichita zimene timachita ndi mwana, kumukhazika pa chiwongolero galimoto itaima, tonse n'kumawomba m'manja kuti akuyendetsa."

"Sindinaganize choncho, Bambo."

"Ayi, simunaganize choncho. Munaganiza zabwino. Chifundo chinapha nkhwali." Anasisita chivindikiro cha laputopu ndi chala chachikulu. "Mukudziwa chimene chikundiwawa? Si lero ayi. M'khodi muja muli mizere yambiri ya dzina langa. Ina ndinailemba inu musanakwatiwe n'komwe. Kuyambira lero munthu akaona dzina limenelo aziyamba wadzifunsa: kodi analembadi okha, kapena ndi mpongozi wawo anawakomera mtima? Mzere umodzi wabodza wadetsa yoona yonse."

Apa Mlonda misozi inalengeza. Anamva chisoni, ndipo anamva manyazi, chifukwa iye amene anabweza anthu ambirimbiri pa zolakwa zazing'ono anali atalowetsa yekha chinthu chimene sakanachilola kwa wina aliyense. Anafuna kuwapulumutsa ku manyazi a sabata imodzi, ndipo anawalanda chimene anachimanga zaka zonse zija.

"Ndilemba usiku uno," anatero. "Ndifotokoza zonse. Anthu amvetsa."

"Lembani, n'koyenera. Mupepesenso kwa Kadzidzi, munagawa chinthu chake osamupempha. Koma pali china chimene chingachoke." Anakweza maso. "Makiyi anga. Mundichotse pa osunga makiyi."

"Bambo, ayi. Zimenezo ndiye ayi. Wolakwa ndine, ngati pali wochoka ndichoke ine."

"Inu mwalakwa kamodzi, mudzakonza. Ine wosunga makiyi amene sangathe kuwerenga chigamba mpaka kumapeto, ndiziunika chiyani? Ndinayenera kutula kalekale. Ndimangodikira kuti mwina mawa mutu ubwerera." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndayesa kudzichotsa ndekha masanawa. Asintha malo a mabatani, sindinapapeze. Ndiye muchite ndinu."

Mlonda anawachonderera. Anati angathe kumalandira alendo pa tsamba, kumalemba malangizo a kagwiritsidwe ntchito, kumayankha mafunso a sukulu. Aphunzitsi anamvetsera mpaka anamaliza, chifukwa sankadula munthu mawu, kenaka anangoti, "Tsegulani, Mayi."

Anatulutsa laputopu yake m'chikwama n'kuitsegula pamaondo. Osunga makiyi anali ochepa, ndipo dzina la Aphunzitsi linali pamwamba pa onse, poti ndi limene linayamba kulembedwa. Anadina pambali pake. Kompyuta, imene siidziwa mpongozi kapena mlendo, inafunsa ngati watsimikiza.

"Ikufunsa ngati ndatsimikiza," anatero Mlonda.

"Iyankheni."

Anadina. Dzinalo linachoka, ndipo la Mlonda linakwera pamwamba.

Nthawi yomweyo geti linalira panja. Mwamuna wa Mlonda analowa akuimba kamluzu, chikwama cha zipangizo paphewa, bulede kukhwapa. Uthenga womaliza umene anaona unali uja wakuti zatheka. Ataona bambo ake pabalaza anatambasula manja.

"Eee, Bambo! Ndamva, ndamva! Akuti mwawaonetsa anyamata aja kuti nkhalamba si yoseweretsa. Ndimadziwa ine kuti muikonza!" Ndipo potembenuka kuti aike bulede pa tebulo, anatsinzinira mkazi wake diso limodzi, mokondwa, osabisa bwino.

Aphunzitsi analiona disolo. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mpongozi wawo amene anali atazolika, n'kubwereranso kwa mwana wawo.

"Kani nawenso unalimo," anatero.

Mwamunayo kumwetulira kunamuthera pang'onopang'ono. Anayang'ana mkazi wake kuti amuthandize, koma mkaziyo sanadzutse mutu.

Aphunzitsi anaika laputopu yawo pa tebulo, pambali pa bulede. Anagwira mikono ya mpando kuti adzuke, koma mpandowo unali wakuya ndipo anabwereramo. Onse awiri anathamangira kuti awagwire. Iwo anakweza dzanja kuwaletsa, n'kuyesanso okha mpaka anaima. Kenaka anayenda motsamira khoma kupita kuchipinda chakumapeto, n'kutseka chitseko bwinobwino osachimenyetsa.